Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chomwe LA anafika kwathu

Ndinayamba ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ku Mchinji pamene Fansidar, mankhwala a malungo, anali atayamba kutha mphamvu. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993, loyamba mu Africa muno kutero, koma Fansidar, wolowa m'malo wakeyo, sanakhalitse. Mwana ankamwa mankhwala Lolemba, pofika Lachisanu mayi ake ali nayenso kumsana, thupi lili moto. Maliro a ana omwe ndinayenda m'midzi ya ku Mkanda zaka zimenezo amandiwawabe mumtima.

Mu 2007 kunabwera LA, mankhwala atsopano a malungo. Anatiphunzitsa kuti wodwala azimwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, atadya kachakudya ka mafuta, kaya phala lotendera, kaya bere kwa woyamwa. Ndinkaphwanyira kam'bulu kachikasu kaja pa supuni, n'kudonthezera madzi, mayi atagwira mwana timanja. Mawa lake ukamupeza mwanayo akulirira nsima.

Agogo ena anandifunsa kuti, "Adokotala, amenewa ndiye achokera kuti?" Funsoli ndi lomwe linandichititsa kulondola mbiri yake.

Mu 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, malungo osamva chloroquine ankagwetsa asilikali. Boma la China linasonkhanitsa akatswiri pa ntchito yachinsinsi yotchedwa Project 523. Mu 1969 mayi Tu Youyou anapatsidwa gulu loti alitsogolere ku Beijing. Anasanthula njira zoposa 2,000 za mankhwala amakolo. Chitsamba cha artemisia chinkaonetsa mphamvu lero, mawa ayi, mpaka mayiwa anawerenga zomwe sing'anga Ge Hong analemba zaka zoposa 1,600 zapitazo: viikani masambawo m'madzi, finyani, imwani. Za kuwiritsa panalibe. Apa anaganiza kuti moto ndi womwe unkawononga mankhwalawo, n'kuyamba kuwatulutsa m'masambamo ndi ether, mankhwala amadzimadzi omwe amawira pa madigiri 35 okha. Mu 1971 kuyesa kwa nambala 191 kunachiza mbewa, kenako anyani. Asanapatse wodwala aliyense, anayamba amwa eni ake. Zimenezi ine zimandigwira mtima kuposa mphoto ya Nobel yomwe analandira mu 2015.

Ntchito sinathere pomwepo. Mankhwalawo, artemisinin, sankasungunuka bwino m'madzi ngakhale m'mafuta. Akatswiri a ku Shanghai Institute of Materia Medica, bungwe lofufuza mankhwala lomwe linayamba mu 1932, anawasintha kapangidwe n'kutulutsa artemether. Enanso ku Beijing anapanga lumefantrine. Awiriwa ndiwo ali mu LA. Artemether amapha tizilombo mwamsanga koma sachedwa kutuluka m'magazi. Lumefantrine amatsalira masiku angapo kumaliza tomwe tapulumuka, ngati wokunkha m'munda okolola atadutsa.

N'chifukwa chake ndinkavutika ndikapeza mibulu iwiri yotsala itasomekedwa kudenga, ati kusungira mng'ono wake akadzadwala. Sindinkakalipa, poti umphawi ndi kutalika kwa chipatala ndikuzidziwa. Ndinkakhala pamphasa n'kuwauza kuti, "Mayi, kutentha kwatha, koma tizilombo sitinathe." Ena ankamvetsa, ena ankangovomera ndi mutu. Kuyambira dzinja limenelo ndinayamba kubwerera pakhomo lililonse tsiku lachitatu pa njinga yanga, kukaona ndi maso anga ngati kapepala ka mankhwala katha.