Usiku umene ndinasita malisiti

Bambo anga anachoka ku Dedza ndi katundu muwiri yekha: makina osokera a Singer ndi simbi ya makala, ija yokhala ndi katambala pachivindikiro. Zonse anandisiyira ine, pamodzi ndi lamulo loti telala sapereka kwa munthu chinthu chokwinyika. Lamulo limeneli landidyetsa nsima zaka zoposa 20 kuno ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kuseri kwa mashopu a pa Machipisa, mpaka chaka chatha pamene linanditembenukira.

Sukulu ina inandipatsa ntchito yosoka mayunifolomu 200, mtengo wake madola 3,000 a ku America. Chibadwire sindinagwirepo ntchito yaikulu chotere. Ndisanadule n'komwe nsalu, ndalamazo ndinali nditazidya kale m'mutu. Amake Tadala ndinawalonjeza filiji, apongozi ku Mufakose ndinawalonjeza malata, ndipo ku sosayite yathu ya maliro ndinayamba kukhala mpando wakutsogolo, mwendo uli pamwamba pa unzake.

Tsiku lopereka katundu, mayi wosunga ndalama pasukulupo anandifunsa mwaulemu. Paja anzathu achishona amatitchula tonse kuti Achimwene, kaya uli ndi imvi.

"Achimwene, tax clearance mwabwera nayo?"

Ine kusafuna kuoneka mbuli, ndinati ili kunyumba. M'mawa mwake ndinabwera nditanyamula laisensi ya khonsolo, yomwe ndinaichotsa pakhoma ndi felemu yomwe, galasi litapukutidwa bwino. M'thumba ndinaikanso khadi la sosayite ya maliro kuti mwina lingathandize, poti nalonso lili ndi chidindo. Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapuma anandifotokozera kuti chimene akufuna ndi kalata yochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho la kuno, imene amaitcha ITF263, yosonyeza kuti munthu analembetsa ndipo za msonkho wake zili m'malo. Popanda kalatayo, lamulo limawakakamiza kudula madola 30 pa madola 100 aliwonse n'kuwatumiza kuboma. Pa 3,000 yanga panachoka 900. Filiji inathera pomwepo, malata n'kutsala theka.

Madzulo ndinaitana mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zowerengera ndalama. Mnyamatayu ndinkamusintha matewera ine, koma tsiku limenelo anakhala pampando wanga, ine pa kampando ka makasitomala.

"Malume, musalire. Ndalamayo sinapite kumanda. Aisunga m'dzina lanu. Mukalembetsa n'kupereka mafomu a chaka, adzaichotsera pa msonkho umene mukuyenera kulipira, yotsalayo ndi yanu. Mukatenge kusukuluko pepala losonyeza kuti anadula."

Anatsegula kompyuta n'kuyamba kundilembetsa. Akuti kuyambira 2023 zonse zimachitikira pa intaneti, pa dongosolo lotchedwa TaRMS, ndipo aliyense amapatsidwa nambala yake, TIN. Ndinamufunsa chifukwa chimene mnzanga wa kombi ndi mayi wa saluni woyandikana nane sachita zonsezi. Anati iwowo ali ndi wawo msonkho wongoikiratu mtengo, presumptive tax, koma munthu amene akufuna kumasokera sukulu ndi makampani ayenera kuonetsa mabuku.

Kenako ananena mawu amene anandilowa mpaka m'mafupa. Msonkho sawerengera pa ndalama yonse imene walandira ayi, amawerengera pa phindu. Anatenga choko changa chodulira nsalu n'kulemba patebulo. Nsalu, ulusi, mazipi, mabatani ndi aganyu awiri zinandidyera pafupifupi 1,900. Phindu ndi 1,100. Msonkho wake, pa 25 peresenti, ndi 275. Pamwamba pa 275 imeneyo pamabwera 3 peresenti ya AIDS levy, kamsonkho kothandizira kulimbana ndi Edzi, ndiye zonse ndi madola 283 ndi masenti 25.

"Ndiye kuti pa 900 ija, yoposa 600 ikhoza kubwerera, tikaphatikiza bwino ndi ntchito zina za chaka. Koma malume, zonsezi zikufuna umboni. Popanda malisiti akhoza kukana kuti munagula nsalu, n'kuwerengera pa 3,000 yonse. Pamenepo ndi 772 ndi masenti 50. Malisiti muli nawo?"

Apa ndiye ndinadzuka ngati mwamuna. Ine sinditaya pepala. Malisiti onse a m'masitolo a nsalu a cha ku Copacabana ndinkawaponya m'chitini cha mabisiketi, chija munakhala mabatani akale. Mnyamata anayang'anamo n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati ndiwasanje bwino malinga ndi miyezi, abwera Loweruka, ndipo ndidziwe kuti lamulo limafuna kuti mapepala otere asungidwe zaka 6.

Lachisanu usiku ndinakhuthulira chitini patebulo. Abale, manyazi ake! Ena opindidwa kanayi, ena okulungika ngati ndudu ya chingambwe, ena ooneka kuti anagona m'thumba la thalauza sabata yathunthu. Ndinaganiza za bwana wa ku ofesi ya msonkho, wa taye ndi jekete, akutambasula zinyalala zimenezi n'kufunsa kuti mwini wake amagwira ntchito yanji. Telala? Mwana wa telala wa ku Dedza? Ndinamva ngati malemu bambo akutsokomola kuseri kwa chitseko.

Magetsi kunalibe, monga mwa masiku onse. Ndinakoleza makala, n'kudzaza simbi ya katambala, n'kuikupiza panja mpaka inafiira bwino. Poti kandulo inali itatsala kachidutswa, ndinayala malisiti onse pabulangete chafufumimba, mizere mizere, n'kuphimba ndi kansalu koyera monga timachitira ndi suti yodula. Ndinasita mosathamanga, kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndikuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ndinabwerezanso kachiwiri kuti zikhale zenizeni. Nditakhudza ndi dzanja mumdimamo, mapepala anali osalala ngati tsaya la khanda. Ndinawasanja, n'kutsindika ndi Baibulo, n'kukagona mtima uli mbee.

Loweruka m'mawa mnyamata anafika ndi kompyuta yake. Amake Tadala anabweretsa tiyi ndi mbatata, Tadala naye anaima pakhomo kuti aone bambo ake akulongosola za boma. Ndinachotsa Baibulo monyadira, n'kutembenuza lisiti loyamba.

Lakuda bii.

Lachiwiri bii. Lachitatu bii. Onse 47, akuda ngati kunsi kwa mphika, koma osalala mochititsa kaso, palibe ndi khwinya limodzi lomwe.

"Malume, mwatani?"

"Ndangowawongola pang'ono."

Mnyamatayo anayamba wagwira pakamwa, kenako anatuluka panja, ndipo ndinamumva akuseka atatsamira mpanda wa aneba. Atabwerera, misozi ili m'masaya, anandiphunzitsa chimene aliyense akuti amadziwa kupatula ine. Timakina ta m'masitolo tija tilibe inki. Pepala lake analipaka mankhwala amene amada akamva kutentha, ndipo kamakinako kamangotentha pamene pakufunika zilembo. Ine ndinatentha paliponse. Ndiye kuti ndinalemba chilembo chimodzi chachikulu pa lisiti lililonse. Anatinso ngakhale osasita, mapepala amenewa amafufuta okha akakhala padzuwa kapena akakhalitsa, n'chifukwa chake anthu ochenjera amawajambula ndi foni tsiku lomwelo.

Amake Tadala sananene zambiri. Anangotola lisiti limodzi, n'kuliyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Koma abambo, kusita mumatha."

Sabata yotsatira ndinaithera m'tauni, sitolo ndi sitolo, chipewa m'manja, kupempha kuti andilemberenso. Sitolo ziwiri zazikulu zinapeza zonse m'kompyuta ndipo zinandisindikizira pa pepala lenileni. Kwina mwini sitolo anandikumbutsa, anthu ali pamzere, kuti ndine ndemwe ndinkakonda kunena kuti lisiti ndi lachani, angondichotserako dola. Zinali zoona, ndinatuluka mwakachetechete. Pomaliza tinapeza umboni wa ndalama yokwana 1,300. Ya aganyu inapulumuka chifukwa anavomera kusaina m'kabuku kuti analandira.

Mnyamata anandilembera masiku pakhoma, pamwamba pa makina, ndi choko chofiira. Msonkho wa bizinesi salipira kamodzi, umaperekedwa kanayi molingana ndi phindu limene ukuyembekezera chaka chimenecho: 10 peresenti pofika 25 Malichi, 25 peresenti pofika 25 Juni, 30 peresenti pofika 25 Sepitembala, ndi 35 peresenti pofika 20 Disembala, nthawi yomwe munthu ukuganiza za nkhuku ya Khirisimasi. Mafomu a chaka chonse ndi pofika 30 Epulo chaka chotsatira. Anawonjeza kuti ndizilemba padera zimene ndalandira m'madola ndi zimene ndalandira mu ZiG, ndalama ya dziko lino, poti msonkho umatsata ndalama imene walandirira. Makasitomala ena amayesa ndi masiku a maliro a abale anga, amandipepesa.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Pa mulu uja panali pepala limodzi limene simbi sinaliwononge, chifukwa linali lolembedwa ndi bolopeni. Mnyamata analinyamula mokondwa n'kuliwerenga mokweza, poganiza kuti ndi la nsalu: "Nsapato zachikopa, zofiirira, saizi 9, madola 65." Ndinayesa kumutsinzinira diso koma anali atamaliza. Anati zimenezo ndi zanga zovala, sizilowa m'mabuku a bizinesi.

Nsapato zimenezo ndinali nditauza amake Tadala kuti anandipatsa ndi kasitomala wina wothokoza. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa kuno limenelo, mwanawe. Wati zaka zingati zija? Ndisunga ine."