Lachitatu pa mathiriro a Linthipe

Ndafika ku Lilongwe Lachisanu usiku, nsapato zili matope okhaokha a ku Salima, mtima usanakhale pansi. Tinapita kumeneko kukayeza kuya kwa nyanja kuti tijambule mapu a pansi pa madzi. Za Lolemba ndi Lachiwiri ndilibe nazo mawu: bar check m'mawa (kuyesa ngati makina oyezera kuya akuwerenga bwino), kuwerenga geji ya mlingo wa nyanja, kenako kuyenda m'mizere yathu ndi boti mpaka dzuwa kupendeka. Chandilembetsa ndi Lachitatu.

Tinali pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti malo otere amasintha dzinja lililonse. Dothi limene mvula imakokolola m'minda ya ku Dedza, ndi lina limene mtsinje wa Lilongwe umatenga kuchokera ku Dzalanyama, kumene mitengo ikutha ndi makala, lonselo limadzakhazikika pamenepa. Pomwe panali pakuya chaka chatha, lero mwana akhoza kuimapo madzi akumulekeza m'mawondo.

Ndinapempha kuti tipite mu Epulo, mwera usanayambe. Ndalama za mafuta zinatuluka mu Juni.

Cha m'ma 10 koloko mphepo inadzuka. Mafunde anavundula matope, madzi n'kufiira ngati thobwa, manambala a pa echo sounder, makina oyezera kuya aja, n'kuyamba kudumphadumpha. Ndinauza woyendetsa kuti achepetse injini. Asanatero, tinangomva guu! Boti latsakamira pa mchenga, chitsulo chogwira transducer (kachipangizo ka makinawo kamene kamakhala m'madzi n'kumamva kuya kwake) chathyoka, chingwe chake chikulendewera m'madzi. Funde lina linatimenya cham'mbali, madzi n'kudzaza pansi pa boti.

M'botimo tinalimo asanu. Ma life jacket atatu. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ife sadziwa kusambira. Ndinavula yanga n'kumuveka, manja ake akunjenjemera moti analephera kumanga lamba. Nkhope yake ija sikundichoka m'maso. Makolo ake anam'tumiza kudzaphunzira kujambula mapu, ndipo amene ndikanakaima pakhomo pawo kufotokoza ndikanakhala ine.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene amachokera kokavuula ukonde. Anabwera ndi bwato lake, natsika m'madzi, natithandiza kukankha.

"Ana anga, njira imeneyo inatsekeka ndi mvula ya chaka chino," anatero. "Madzi akudutsa uko tsopano, kufupi ndi bango."

"Zikomo bambo, mwatiombola."

Lachinayi tinapita kumene analoza kuja, tili ndi nsungwi yolembedwa mamita, chingwe chomangirira chitsulo, ndi GPS ya m'manja. Ngalande inalidi pomwepo. Tinayeza malo ochepa chabe, tsiku lonse lathunthu, ntchito imene makina akanaimaliza tisanadye nsima ya masana.

Kalata yopempha transducer yapadera ndi ma life jacket ena ndalemba katatu. Yankho ndi lomwelomwelo, ndalama kulibe. Koma ku Salima komweko ndinaona ndi maso anga galimoto zathu zitandandalikana pa malo ogona alendo, akuluakulu ali pa msonkhano wa masiku atatu wokambirana za kusefukira kwa madzi. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za anthu m'mphepete, onse ankatifunsa ife kuti pansi pa madzipo pali bwanji.

Lolemba abwana adzafuna mapu pa tebulo. Ndiwapatsa. Mbali ya kumpoto kwa mathiriro ndaisiya yoyera, ndalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti SIPANAYEZEDWE. Sindidzazamo manambala ongoganiza kuti pepala lioneke bwino, chifukwa pali woyendetsa boti wina amene adzawakhulupirire usiku, atanyamula anthu.