Lachinayi la pepala la mechanics

Ndikulemba izi ndili pa mphasa, nditatsamira khoma, magetsi kulibe ndipo foni yatsala ndi moto wochepa. Pepala la mechanics, mayeso a masamu a kayendedwe ka zinthu, lapita. Ndimayesa lero ndigona tulo tofa nato, koma mutu ukungozungulira pa funso limodzi.

Ndinadzuka 5 koloko isanakwane. Amayi anali atandiphikira kale phala, ine ndinangolawa masipuni atatu, mtima uli thithithi. Kuchoka kuno ku Mabvuku kukafika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 17, ndipo kombi ikakumana ndi mdipiti wa magalimoto ku Msasa, umangoona nthawi ikudutsa uli khale. Choncho ndinakwera yoyambirira. Kapepala ka mafomula ndinakagwira njira yonse mpaka kananyowa ndi thukuta, koma sindinawerengepo mzere ndi umodzi womwe.

Za m'holo sindinena zambiri. Kunatentha monga mmene Okutobala wa Harare amatenthera, anyamata mashati atawamatirira kumsana. Funso la projectile linali lachifundo, la momentum linali ngati lomwe tinachita m'kalasi mwezi watha. Nkhani ili pa funso lachisanu ndi chiwiri.

Linali chonchi. Kabokosi kolemera makilogalamu 5 kali pa thabwa lopendekeka madigiri 30. Kamangidwa chingwe chodutsa pa pulley, kagudumu komwe kali kumtunda kwa thabwalo, ndipo kunsonga inayo kukulendewera chinthu cha makilogalamu 4. Thabwalo si losalala, coefficient of friction, muyeso wa kugwira kwa thabwalo, ndi 0.2. Poyamba anati tipeze acceleration, mmene liwiro likuonjezekera, ndi tension, mphamvu yokoka ya chingwe. Kenako anati chingwe chaduka kabokosi kali pa ulendo wokwera, ndiye tipeze kuti kafika patali bwanji kasanaime, komanso kabwerera pansi ndi liwiro lotani.

Aphunzitsi athu a masamu akhala akutichenjeza chaka chonse kuti tikatuluka m'mayeso, aliyense aziona njira yakwawo, osafunsana mayankho. Palibe amamva. Tisanafike n'komwe pageti, pansi pa mtengo wa jacaranda womwe maluwa ake ayamba kuyoyoka, tinali titaunjikana kale. Pa kalasi yathu tilipo asanu amene kunyumba timalankhula Chichewa. Agogo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, wina kwawo ndi ku Chipata. M'kalasi timalankhula Chishona ndi Chingerezi ngati wina aliyense, koma zinthu zikathina timapezeka tabwerera ku chilankhulo cha kukhitchini kwa amayi.

"Aise, pa seveni acceleration wapeza zingati?"

Anafunsa ndi mnyamata amene timamutcha Newton, chifukwa sakamba nkhani ina koma fiziki. Ine ndinayankha mutu uli m'mwamba kuti 0.691. Iye anati 0.704. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anati 2.58. Mnzanga wa ku Tafara ananena motsitsa mawu kuti 9.58. Funso limodzi, mayankho anayi. Tinangoti zii, kuyang'anana.

La Newton silinavute kulitulukira. Watenga g, acceleration ya chinthu chogwa chokha, kukhala 10, pomwe pachikuto pa pepala analemba poyera kuti tigwiritse ntchito 9.81. Wakhala akuyeserera ndi mapepala akale a Cambridge, omwe amatenga 10, mpaka dzanja linazolowera. M'malo movomera, anayamba mlandu. Akuti 9.81 nayonso ndi yabodza, chifukwa kuno ku Harare, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,490 komanso kufupi ndi equator kuposa ku Ulaya, g yeniyeni ndi cha m'ma 9.78. Zoona ndithu, zimenezo sananame. Koma ndinamuuza kuti akakafotokozere wochonga mapepala, aone ngati amupatsa malikisi chifukwa chodziwa kutalika kwa Harare. Tinaseka, naye anaseka. Wataya pang'ono chabe, njira yake yonse inali yolondola.

La msuweni wanga ndi lomwe ndinalikhalira pansi, ndipo apa ndiye pali manyazi anga a lero. Ndinatola kamtengo n'kujambula thabwa lija pa dothi. Chinthu cholendewera chikukoka ndi 39.24, kulemera kwa kabokosi motsata thabwa ndi 24.5, ndiye kabokosi kakukwera. Ngati kakukwera, friction iloza kumunsi. Iye muvi wake wa friction anaulozetsa kumtunda, ndiye 8.5 ya friction yomwe amayenera kuchotsa anaiwonkhetsa. Ndinamufotokozera ngati ndine mphunzitsi wamkulu, mpaka kumugogoda ndi kamtengo paphewa. "Iwe, friction imatsutsana ndi komwe chinthu chikupita. Zimenezi ndi za Form 3." Anangoti, "Chabwino madam," akukanda kumutu. Tension yake inatuluka 28.9 pomwe yanga inali 36.5, ndiye anadziwiratu kuti zonse za kutsogolo zapita nawo.

Za mnzanga wa ku Tafara zinandimvetsa chisoni. Tinatenga kalikyuleta yake, Newton n'kudina sin 30. Inatulutsa nambala ya negative, pafupifupi 0.988. Inali pa radians, muyeso wina wa ma angle wosiyana ndi madigiri. Anaisiya choncho chichokereni pepala la pure maths, ndipo lero sanaibwezere ku madigiri. Akuti ataona 9.58 mtima unamugunda, chifukwa kabokosi kokwera phiri sikangathamange pafupifupi ngati mwala wogwa kuchokera kumwamba, koma nthawi inali itamuthera. Choopsa n'chakuti si funso limenelo lokha linali ndi ma angle. La projectile nalonso. Anakhala pansi pa maluwa aja, chikwama chili pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe. Tinamuuza zomwe aphunzitsi amanena nthawi zonse, kuti wochonga amapereka malikisi a njira, kuti equation ikakhala yolondola sutuluka chimanjamanja. Ndikukhulupirira ndi zoona. Koma pa nthawi ngati imeneyo mawu otere amamveka ngati a pamaliro.

Wachisanu wathu ndi mnyamata wofatsa wa ku Epworth, salankhulalankhula. Iye anapeza 0.691 ngati ine. Tikuyenda kulowera ku renki ya Fourth Street anandifunsa kuti potsika kabokosi ndinagwiritsa ntchito acceleration yanji. Ndinati 6.60, yomwe ija ya chingwe chitaduka. Iye anati 3.21. Ndinamuyang'ana momumvera chisoni, mumtima ndikuti nayenso wagwa pomaliza. Sanatsutse. Anangogula maputi, mbuliwuli za kuno, n'kutigawira.

Njira yonse nkhani inali ya mapointi. A ndi mapointi 5, B ndi 4, C ndi 3, kumatsika choncho, ndipo maphunziro atatu onse ukakhoza bwino ndi 15. Aliyense amawerengetsa zala. Newton akufuna engineering ku yunivesite ya NUST ku Bulawayo. Ine maso anga ali ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ndipo ndikalephera pamenepo ndiyesa Harare Institute of Technology ku Belvedere. Msuweni wanga sanatchule sukulu. Anangoti amalume anachita kukongola ndalama yolembetsera mayeso, ndipo sakudziwa kuti angayambe bwanji kuwauza zoti mwina adzafunika kulembanso mu Juni. Zotsatira za ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe, zimatuluka chaka chikangoyamba, ndiye Khirisimasi yonse tidzadya nkhuku mtima uli m'malere.

Kunyumba ndinapeza zigubu zikundidikira. Mayeso kapena ayi, madzi a kumjigo sadzitunga okha. Nditabwerako ndinapeza agogo aamuna ali pakhonde, wailesi ili pambali. Iwowa anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya, ali mnyamata, ndipo zaka zambiri anagwira ntchito yopakira matumba ku fakitale ya simenti. Sukulu analekeza Sitandade 3. Amanditcha mkazi wawo, monga achitira agogo ndi adzukulu.

"Akazi anga, mayeso ayenda bwanji?"

"Ayenda bwino, agogo."

"Tandiuzeni funso limodzi, ndione ngati fizi sinapite m'madzi."

Ndinasankha lachisanu ndi chiwiri lomwelo, poti ndi lomwe ndimanyadira. Kufotokoza mechanics m'Chichewa ndi ntchito ina. Kabokosi ndinakasandutsa thumba la simenti, pulley ndinati kagudumu kodutsitsapo chingwe. Pa friction ndinakakamira, kenako ndinati ndi kugwira kwa thabwa, kukana kwake kuti thumba lisatsetsereke. Agogo amangogwedeza mutu. Nditafika poti chingwe chaduka, thumba lakwera pang'ono, laima, layamba kubwerera, anandidula.

"Pamenepo ndiye litsika mwaulemu."

Ndinawafunsa kuti mwaulemu bwanji.

"Thabwa ndi lamakani, mayi. Ukamakweza thumba, limakokera pansi. Ukamatsitsa, limakokera kumtunda. Silifuna thumba lipite kulikonse. Ife potsitsa matumba mu lole tinkachita kulikankha thumba kuti liyambe kuyenda. Tikafuna liwiro tinkayala lata pamwamba pa thabwa."

Ndinamva kuzizira kuyambira kumsana. Ndinawasiya ali chilankhulire, ndinalowa m'nyumba n'kutenga kope.

Chingwe chikaduka kabokosi kakukwera, kulemera kwake kukukokera kumunsi, friction nayo ikukokera kumunsi. Pamenepo, ndikagawa 24.5 ndi 8.5 zija ndi makilogalamu 5, ndi 4.905 kuwonkhetsa 1.699, ndiye 6.60 ija, ndipo imeneyo ndinalondola. Koma kakaima n'kuyamba kubwerera, friction imatembenuka, iloza kumtunda. Ndiye 4.905 kuchotsa 1.699. Yankho ndi 3.21. Ine muvi ndinausiya uli chilozere kumunsi, ngati kuti thabwa silinaone kuti kabokosi kasintha njira. Ndinakumbukiranso kuti ndinayenera kuonetsa kaye kuti kabwereradi, poyerekeza tan 30, yomwe ndi 0.577, ndi 0.2 ija. Sindinalembe zimenezo. Ndinangothamanga, ndikudziona kuti ndamaliza mphindi khumi nthawi isanathe, mpaka ndinakhala ndikuyang'ana kudenga.

Mphindi khumi zimenezo zikundiwawa kuposa malikisi. Ndipo kulakwa kwake ndi komwe kuja ndinamugogodera msuweni wanga ndi kamtengo pagulu. Iye analakwitsa muvi koyambirira, ine ndinaulakwitsa kumapeto. Kusiyana kwake n'kwakuti iye sanaphunzitse munthu pageti.

Pa nsima sindinadye bwino. Amayi anaphika matemba ndi masamba a covo, ndiwo zomwe ndimazikonda, koma ndinangotema mbamu ziwiri. Anandifunsa ngati ndikudwala. Agogo anayankha m'malo mwanga kuti thabwa landigwira, n'kumaseka okha, amayi osamva kuti nkhani ndi yotani.

Ndawerengetsa kangapo. Mbali yomaliza ija inali ya malikisi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mwina andipatsako awiri a njira. Sizingandigwetse. Koma pakati pa A ndi B nthawi zina pamangokhala kampata kotere, ndipo pointi imodzi ikhoza kukusiya panja pa geti ku Mount Pleasant. Ndayesa kutsegula kope la fiziki, poti pepala lake lili Lolemba, koma maso akungobwerera pa chithunzi cha thabwa chomwe ndajambula kachitatu.

Gulu lathu la pa WhatsApp likuwira. Newton watumiza mayankho ake onse, funso ndi funso, ndipo anthu akukangana za collision ya pa funso lachinayi. Mnzanga wa ku Tafara sanalembe kalikonse chifikireni kwawo. Ndamuimbira, sanayankhe, ndiye ndamulembera kuti mawa ndimupeza tikawerengere limodzi, ndipo choyamba tikaone kalikyuleta. Mnyamata wa ku Epworth ndamulembera payekha mawu awiri okha: "Unalondola, 3.21." Wayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu basi.

Uthenga womwe wandisowetsa mtendere ndi wa msuweni wanga. Walemba kuti, "Madam, Loweruka ndibwera undiphunzitsenso za mivi ya friction ija, usaiwale kamtengo." Sakudziwa kanthu. Akadzamva, chisuweni chake ndikuchidziwa, adzandiseka mpaka zotsatira zidzatuluke, ndipo agogo adzamuthandiza. Ndalemba yankho katatu n'kufufuta. Foni yatsala pa 6 peresenti.