Opaleshoni ya bondo pa mwana amene akukulabe

Kachitatu kuti kafupa kapamwamba pa bondo la mwana wanga wamkazi kaguluke, sanali kusewera n'komwe. Anangotembenuka kuti atenge chikwama chake phazi litaponda pansi, basi n'kugwa. Ndinapeza kafupako, kamene madokotala amati patella, katatsetserekera kunja kwa bondo, mwendo uli wopindika osatheka kuwongoka. Anali ndi zaka 12. Maulendo awiri oyambawo tinkangomuveka chomangira bondo n'kumapita naye ku mafizo. Ulendo uno adokotala a mafupa anati yakwana nthawi yoti tikambirane za opaleshoni.

Anayamba kumuyeza ndi manja. Mwana atagona, iwo anakankhira kafupako kunja pang'onopang'ono, iye n'kuwagwira dzanja mwamphamvu: "Ayi adokotala, kachokanso!" Anati mantha amenewo pa okha ndi chizindikiro chakuti bondolo silikugwira bwino. Kenako anatitumiza ku makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, X-ray ya miyendo yonse ataimirira, komanso X-ray ya dzanja lamanzere. Ya dzanjayo inandidabwitsa poti vuto linali bondo. Anandifotokozera kuti mafupa a m'dzanja amasonyeza pamene thupi lafika pa kukula, ndipo kwa mwana wanga kunali kudakatsala zaka.

Zithunzi zinaonetsa zinthu ziwiri. Mtsempha wa m'kati mwa bondo umene umagwira kafupako kuti kasathawire kunja, wotchedwa MPFL, unali utaduka kalekale n'kupola molobodoka. Komanso ngalande ya kumapeto kwa fupa la ntchafu, mmene kafupako kamayenda, inali yosazama.

Zitatero adokotala anandilozera kamzere kakuda kopingasa fupa la ntchafu pamwamba pang'ono pa bondo. Anati pamenepo ndi pamene fupa limakulira. Pafupifupi 70 peresenti ya kutalika kwa fupa la ntchafu imachokera pa kamzere kameneko, ndipo pa chaka limawonjezera pafupifupi sentimita imodzi. Tsono mtsempha uja umagwira fupa mamilimita ochepa chabe pansi pake. Poika mtsempha watsopano amaboola fupa pamenepo, ndipo akaboola molakwika n'kuvulaza kamzereko, mwendo ungathe kufupika kapena kukula mokhota. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkangoganiza kuti tikufuna kukonza bondo koma tingaononge mwendo wonse.

Nditabwererako ndinafunsa mosapita m'mbali kuti akakazemba bwanji kamzereko. Kholo lililonse lisachite manyazi kufunsa funso limeneli, ndipo lisasaine pepala lisanamve yankho. Anati adzagwiritsa ntchito makina a X-ray m'fiyeta momwemo kuti aziona kamzereko nthawi yonse, ndipo poboola adzalozetsa pansi, kutali nako. Anandiuzanso zimene sadzachita. Kwa akuluakulu nthawi zina amadula chotumphuka cha pa fupa la msongolo, pamene mtsempha wina wa pansi pa kafupako umagwira, n'kuchisuntha. Kwa mwana sachita zimenezo chifukwa pamenepo fupa limakulanso, ndipo pakavulala bondo limayamba kupindikira kumbuyo. Kuzamitsa ngalande ija nakonso anati kudikire mafupa atakhwima, ngati kudzafunike n'komwe.

Tsiku la opaleshoni mwana anasiya kudya maola 6 nthawi isanakwane. Adokotala analemba chizindikiro pa bondo loyenera, ine ndinamuperekeza mpaka pakhomo la fiyeta. Anatenga mtsempha woonda wa m'kati mwa ntchafu yake yomwe, wotchedwa gracilis, n'kuuika m'malo mwa wodukawo. Mabala anali aang'onoang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

Ntchito yeniyeni inali kunyumba. Pasanathe milungu iwiri ntchafu inali itafota moonekeratu. A mafizo anamuuza kuti agone chagada, alimbitse ntchafu, akweze mwendo uli wowongoka. Anayesa, nkhope yonse thukuta, koma chidendene osasuntha pa mphasa. Anandiyang'ana misozi ili mbwembwembwe: "Amayi, mwendowu sukundimvera." Ndinaika dzanja langa pansi pa bondo lake n'kumuuza kuti alipanikize. Tinkachita zimenezo m'mawa ndi madzulo, mpaka tsiku lina chidendene chinanyamuka pang'ono chabe, mwina kukula kwa chala.

Ndodo anazisiya patapita milungu ingapo, kupinda bondo kunabwerera pang'onopang'ono. Masewera anamulola patadutsa miyezi 6, atayesedwa kudumpha ndi mwendo umodzi n'kutera bondo lisanapindikire m'kati. Mantha ndiwo anachedwa kutha. Kwa nthawi yaitali ankatsika masitepe cham'mbali atagwira khoma.

Timapitabe kukajambulitsa miyendo yonse, ndipo tidzapitabe mpaka kamzere kaja katatsekeka. Ulendo wathawu adokotala anayeza mafupa onse awiri pa kompyuta, ine mpweya nditaugwira. Anali ofanana, ndipo onse anali atatalika.