Ruo yadzaza, ife tilibe nambala

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: kulowetsa manambala a mageji (matabwa oyezera kukwera kwa madzi m'mitsinje) mu kompyuta, kukumbutsa za mafuta a galimoto, ndi msonkhano wa pa intaneti umene netiweki inkangoduladula. Chimene chandilembetsa ndi Lachitatu usiku.

Mnzathu wa ku Mozambique, amene amayang'anira madzi a kumunsi kwa Zambezi, anandiimbira cha m'ma 10 koloko. "Achimwene, ku Mulanje kwagwa mvula yambiri. Ruo yafika pati?" Funso lake linali loyenera. Ruo imachokera pa phiri la Mulanje, imakhala malire a dziko lathu ndi lawo mtunda wautali, n'kukathira mu Shire pa Chiromo. Ikadzaza imatsekereza Shire, ndipo madzi onsewo amatsikira kwa anthu a ku Mutarara ndi Morrumbala. Nambala ikafika msanga, mabanja amakwera kumtunda kusanache.

Ine nambalayo ndinalibe. Geji ya pa siteshoni yathu yoyezera madzi pa Ruo inapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo mpaka pano siinabwezeretsedwe. Makina odzilembera okha analeka kugwira ntchito akuba atachotsa sola. Watsala ndi bambo wachikulire amene amatiwerengera madzi, yemwe alawansi yake yakhala isakubwera kwa miyezi. Iwo anakhoma misomali pa mtengo wa mkuyu wa m'mbali mwa mtsinje, kuti pakhale poyang'ana. Nditawaimbira anatuluka ndi tochi mvula ili mkati, n'kubwera ndi yankho: "Bwana, msomali wachitatu wamira, ndipo akukwerabe." Ndinatenga buku lakale, kuyerekeza msomaliwo ndi mulingo wa geji yomwe inapita, n'kutumiza pa WhatsApp nditalemba kuti ndi zongoyerekeza.

Apa ndi pamene pandipwetekera. Dziko lathu lili mu pangano la SADC la madzi ogawana limene linasainidwa ku Windhoek mu 2000, ndipo panganolo limati mayiko azipatsana zimene ayeza pa mitsinje, komanso pakagwa ngozi yochokera m'dziko lako uwadziwitse anzako mosachedwa. Tilinso mu ZAMCOM, bungwe la mayiko 8 a mu chigwa cha Zambezi, limene pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004. Akuluakulu athu amadziwa ndime zonsezi pamtima, amazitchula bwino m'misonkhano. Koma udindo wa dziko umenewu usiku umenewo unagwera pa munthu wosalipidwa, atavala nkhwaira m'matope. Mawa madzi akaononga kwa anzathu, amene adzafunsidwe ndi Malawi, osati ofesi yathu yokha.

Ndipo tisaiwale kuti nafenso timapempha. Mbali ina ya madzi a Ruo imachokera kwawo ku Milange, ndipo akatiyankha ndi nambala yeniyeni pamene ife tikuwatumizira za misomali, manyazi amagwira.

Lachinayi ndinalemba lipoti, ndikuikamo mtengo wa matabwa a geji, simenti ndi penti. Ndi ndalama yosafika pa zimene timawononga tsiku limodzi la wekishopu kunyanja. Lachisanu fayilo inabwerera ndi mawu akuti tidikire chaka cha ndalama chamawa, ndipo pansi pake panali kalata yondiitanira ku wekishopu ya kugawana uthenga wa madzi pakati pa mayiko. Bambo aja ndawatumizira mayunitsi a m'thumba mwanga, poti mvula idakalipo mpaka Malichi.