Flywheel yopepuka ndi phazi la malume

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla KE70, ya injini ya 4K, ija ya 1290 cc yokhala ndi kabureta. Ndinaigula kwa malume anga, omwenso anandiphunzitsa kuyendetsa, moti mpaka lero amaitchula kuti "galimoto yanga ija". Kalachi itayamba kuterereka, makaniko anati poti giyabokosi itsika kale, bwanji tiikiretu flywheel yopepuka. "Achimwene, injini imeneyi idzuka, muona nokha."

Flywheel ndi chimbale cholemera chachitsulo chomangidwa kumbuyo kwa crankshaft, chitsulo chomwe mapistoni amachizunguza mkati mwa injini. Injini ya mapistoni anayi imakankha kawiri kokha crankshaft ikazungulira kamodzi, ndipo pakati pa kukankhako ndi kulemera kwa chimbalechi komwe kumaipitiriza kuti isaime. Sitata imaluma mano a m'mphepete mwake, kalachi imagwira pankhope pake. Yakale inali ya cast iron, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, poitula pansi msana unandiuza za msinkhu wanga. Yatsopano inali ya chromoly, mtundu wa chitsulo cholimba kwambiri, kulemera kwake ngati theka. Ndinafunsa kuti bwanji osangosema yakaleyo, makaniko anakana kwamtuwagalu. Anati cast iron ikapyapyala imatha kuphulika injini ikathamanga, ndipo imakhala chapafupi ndi mapazi a dalaivala. Sindinafunsenso.

Ntchito inagwiridwa mwaukatswiri, izi ndiye ndinene. Tinawerenga mano kuti agwirizane ndi sitata, tinapukuta mafuta otchinga dzimbiri pankhope pake, mabawuti tinawapaka mankhwala oti asamasuke n'kuwamanga modumphitsa ndi sipanala yoyezera mphamvu. Nditailiza n'kuponda moto pang'ono, vuuu! Injini inakwera msanga n'kutsika msanga. Mphamvu sinawonjezeke ngakhale pang'ono, flywheel sipanga mphamvu, koma phokosolo linandinamiza kuti ndili ndi galimoto ya mpikisano.

Ndiye ndinapita kukatenga malume kuti akaone chitukuko.

Atangokhala pampando anatchera khutu. Giya ili pa nyutulo, mu giyabokosi munkamveka kachechecheche, chifukwa kugunda kwa mapistoni komwe chimbale cholemera chinkameza tsopano kunkafika mpaka ku magiya. "Mphwanga, mwaiwalamo masipanala angati umu?" Ndinati ndi mmene zamakono zimalirira. Anangoti, "Oho."

Tsoka linatidikira pa maloboti a pachitunda. Kutayaka kobiriwira ndinachita zomwe phazi langa lakhala likuchita zaka zonsezi: kukweza kalachi pang'onopang'ono, moto wochepa. Galimoto inagwedezeka kamodzi, zii. Kale flywheel yolemera inkakhala itasunga mphamvu yokwanira kukankha galimoto pamene kalachi ikugwira, moti phazi likalakwitsa pang'ono inkakhululuka. Iyi ilibe chisoni. Ndinailizanso, zii. Kumbuyo mahutala anayamba, wa lole n'kutulutsa mutu pawindo kufunsa ngati ndikufuna chikwangwani cha L. Maloboti anafiira, anabiriwira, ife tili pomwepo.

Malume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndinakuphunzitsa zimenezi? Koka handibuleki, tsika."

Tinasinthana anthu akuonerera. Anakonza mpando, anakonza galasi, anakonzanso chipewa, n'kunena mokweza kuti wa lole amve: "Galimoto imafuna phazi la munthu wamkulu." Anakweza kalachi. Zii.

Ine ndinkayang'ana kunja ngati pali china chosangalatsa pa mtengo wa magetsi. Iwo anati vuto ndi nsapato. Anaivula n'kundipatsa kuti ndigwire. Ulendo uno anaponda moto wambiri, ndipo poti injini tsopano imakwera mwachangu kuposa mmene phazi lawo linkayembekezera, inakuwa, matayala akumbuyo analira, Corolla inadumpha ngati mbuzi yodula chingwe. Chipewa chinakagwera kumpando wakumbuyo. Posintha giya yachiwiri anachedwa monga mwa chizolowezi chawo, liwiro la injini linali litagwa kale, galimoto inagwedeza mitu yathu ngati tikuvomera zinazake. Tinafika kwawo ine nditafungatira nsapato, iwo osayankhula.

M'mawa mwake makaniko anapotokola kasikuluwu ka pa kabureta kuti injini izilira mokwererako galimoto ikaima, n'kundiuza kuti ponyamuka ndiziwonjezera moto ndipo giya ndizisintha msanga. Tili mkati mokamba, malume anatulukira. Sanapereke moni kwa flywheel yatsopano. Anafunsa komwe kuli yakale, anaipeza pakona, anatiuza tiinyamule tiike mu buti.

"Ikhale momwemo. Tsiku lomwe nzeru zidzakubwerere, isadzasowe."

Ilimobe. Makilogalamu onse amene tinachotsa ku injini ndimayenda nawo kumbuyo, pamodzi ndi enanso, ndipo pokhota paliponse amagunda tayala la sipeya.