Tsiku limene ndinaona mawaya a magetsi akusewera jingo

Abale inu, Lachiwiri lapitali ndikupita ku ntchito m'mamawa ndinachita kuimitsa galimoto pambali pa msewu kuti ndionetsetse, chifukwa maso anga sindimawakhulupirira. Kuno ku Canada, kum'mwera kwa mzinda wa Montreal, malo ake ndi see, minda yokhayokha ngati ku Mchinji, ndiye usiku wonse kunagwa mvula ija imaundana ikangokhudza chinthu, galimoto yonse inachita kuvala ayisi moti ndinatha mphindi 20 ndikupala galasi. Ndiye ndili pa msewu ndingoona mawaya a pa mapolo akuluakulu azitsulo aja akukwera kutsika, kukwera kutsika, pang'onopang'ono koma mwamphamvu zedi ngati pali atsikana awiri agwira uku ndi uku akupukusa chingwe cha jingo. Chodabwitsa nchoti mphepo yake sinali yoopsa ayi, mwera wa ku Nkhata Bay umaposa pamenepo.

Ine nthawi yonseyi ndimaganiza kuti vuto la ayisi pa mawaya ndi kulemera basi. Kulemerako kulipo ndithu, anthu kuno mpaka lero samaiwala za Januwale 1998 pamene mvula yotereyi inagwa masiku angapo otsatizana, mapolo azitsulo pafupifupi 1,000 anapindika ngati mapesi, anthu mamiliyoni ali mumdima, ndipo dera la pakati pa Granby, Saint-Hyacinthe ndi Saint-Jean-sur-Richelieu ena anatha masabata opanda magetsi kunja kukuzizira chomwecho. Koma zimene ndinaona ine ndi nkhani ina, ayisi wake sanali wambiri nkomwe.

Amene anandimasulira ndi aneba anga, bambo achikulire amene anagwirako ntchito yokwera mapolo asanapume. Akuti waya ukakhala wabwinobwino ndi wobulungira, mphepo imangodutsa pamwamba ndi pansi mofanana. Koma mvula youndana ija imabwera ndi mphepo kuchokera mbali imodzi, ndiye ayisi amamatirira mbali imodzi yomweyo, waya uja nkukhala ngati uli ndi kamlomo kapena kaphiko. Anatenga kamtengo ka pa mpanda wawo kundionetsa, zoonadi mbali imodzi kanali ndi ayisi wokhuthala ngati chala, mbali inayo kali gwa kouma. Mukukumbuka tili ana timatulutsa dzanja pa windo ya minibasi, ukalipendeketsa pang'ono limakwera lokha, ukalitembenuza limatsika mpaka kondakitala akukalipire? Nzomwezo. Waya ukakwera umapotokanso pang'ono, mphepo nkuukankhira komwe ukupita kale, ukamatsika chimodzimodzi, ndiye kugwedezeka kuja kumangokulirakulira mpaka mamita angapo. Azungu amati galloping, ngati kuthamanga kwa hatchi, ndipo katswiri wina dzina lake Den Hartog anazifotokoza kalekale mu 1932.

Choipa chake mawaya aja akavina chomwecho amayandikana kapena kugundana kumene, moto nkuthetheka, laini nkudzizimitsa yokha kenako nkuyakanso. Nchifukwa chake usiku umenewo magetsi kunyumba amangophethiraphethira, ine ndimvekere kaya ndi firiji yangayi. Zikapitirira maola ambiri mabawuti amamasuka, zogwirira mawaya zija zimathyoka. Palinso ina yoti dzuwa likatuluka ayisi nkuyoyoka kamodzinkamodzi, waya uja umadumphira m'mwamba ngati legeni. Malo ovutavuta amaika ndodo zosadutsa magetsi pakati pa waya ndi unzake kuti asakumane, ndipo nthawi zina amachita kudutsitsa magetsi ambiri dala kuti waya utenthe ayisi asungunuke, zimenezo zinandisangalatsa bwanji.

Koma gawo limene linandikumbutsa kumudzi ndi ili. Mphepo payokha popanda ayisi imagwedezanso mawaya, kungoti mwa mtundu wina, kanjenjemera kakang'ono kothamanga kwambiri kosaoneka ndi maso, kamene kamabwera ndi kamphepo kayaziyazi kosalekeza. Kulira kuja timamva tikaima pansi pa mawaya nthawi ya mwera, mbali ina ndi imeneyo. Kamaoneka kopanda vuto koma zaka zikamapita timawaya ta mkati timaduka pafupi ndi polo, ngati mmene umadulira waya wopangira galimoto ya ana poupinda uku ndi uku. Mankhwala ake ndi tizitsulo tija timalendewera pa waya pafupi ndi polo, tiwiri tolemera uku ndi uku ngati zonyamula anyamata a majimu, anatulukira ndi George Stockbridge ku California cha m'ma 1920. Kwathunso tilipo pa malaini akuluakulu ochokera ku Nkula ndi Tedzani, ine ndili mwana mchimwene wanga anandinamiza kuti nzoopsezera akhwangwala ndipo ndinakhulupirira mpaka chaka chino, ndili ndi ana awiri.

Kavidiyo kamene ndinajambula ndinakatumiza pa gulupu ya banja pa WhatsApp. Mayi anangoyankha kuti mwanawe choka pamenepo msanga usatiyambitsire maliro akutali, pomwe mchimwene uja mpaka pano sanayankhe za akhwangwala zija, koma matiki abuluu ndawaona.